Mtsuko Wosawotcha wa Amayi

1. Katundu wa m'dengu

Lachisanu pa 15 Okutobala 2021 sukulu kunalibe chifukwa linali Tsiku la Anakubala. Banja la a Latifu linanyamuka pa Balaka nthawi ya 1:30 masana, bambowo atangobwera kumzikiti ku swala ya Ijumaa. Anali atatu: a Latifu, mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina ya m'tauni, Habiba, mwana wawo woyamba, wa zaka khumi ndi zinayi, ndi Yasmin, wa zaka zisanu ndi zitatu.

Chaka chapitacho akanakhala anayi. Mayi a anawa, a Asiyatu, anamwalira pa 4 Novembala 2020 atadwala miyezi isanu.

Katundu wawo anali tenti yobwereka kwa masikauti a pasukulu, mikeka iwiri, mabulangete, chikwama cha zovala ndi dengu limodzi. M'dengumo munali mtsuko, wokulungidwa ndi nsanza ndi chitenje chobiriwira.

A Asiyatu anakulira m'mudzi wa oumba mbiya, m'munsi mwa mapiri a Chikala, ku Machinga. Atakwatiwa ku Balaka anasiya kuumba. Koma mu Seputembala, matenda atakula, anatuma Habiba kukakumba dongo kudambo. Habiba analiponda, iwo naumba mtsuko masiku atatu, atakhala pakhonde, akupumira pafupipafupi. Kuzungulira khosi la mtsukowo anadinda chala chawo chachikulu kakhumi ndi kawiri. Mphamvu zouwotcha sanazipezenso.

Kuyambira pamenepo mtsukowo unkakhala pamwamba pa kabati. Habiba ndiye ankaupukuta fumbi Loweruka lililonse.

Tsopano a Latifu anali atakonza zoti Lamulungu pa 7 Novembala kudzakhale sadaka yokumbukira malemu, ndipo ankafuna kuti alendo adzamwe madzi a mu mtsuko umenewu. Woti angauwotche anali mmodzi yekha: mkulu wake wa malemu, amene anthu ankawatcha Abiti Swaibu.

Padepoti kondakitala anatambasula dzanja kuti alandire dengu.

"Ili lipite kubuti, asisi."

"Iyayi, ndilifukata," anatero Habiba.

"Muli mazira kodi? Kapena njoka? Ngati ndi njoka nayo ilipira mpando."

Anthu anaseka. Habiba sanaseke. Analifukata dengulo mpaka pa Liwonde, ndipo minibasi ikagunda bampu ankalikweza m'mwamba. Atawoloka Shire pa baraji anatsika, nakwera njinga zamoto ziwiri. Anafika kumudzi nthawi ya 4:30, ali mbuu ndi fumbi.

2. Chenjezo loyamba

Abiti Swaibu anali mayi wamfupi, wa zaka makumi asanu ndi limodzi, woyendera ndodo chifukwa cha maondo. Anakumbatira ana aja nthawi yaitali. Kenako anaona a Latifu akukhoma zikhomo za tenti pansi pa mtengo wa mango.

"Alamu, kodi ku Balaka madzi asefukira?"

"Iyayi, alamu. Bwanji?"

"Ife kuno nyumba ya nsalu timaiona kwa anthu othawa madzi. Inu aphunzitsi athunthu, nyumba ya malata muli nayo, yanga nayo iyi, koma mukufuna kugona m'thumba ngati mtedza."

A Latifu anamwetulira pang'ono.

"Mng'ono wanu ankanena chaka ndi chaka kuti tidzabwere ndi tenti, ana adzagone panja ndi kuona chigwembe chimene iye ankakumbako dongo. Ine ndinkangoti chaka chamawa."

Abiti Swaibu sanawasekenso. Anakhala pamkeka nati awapatse dengu.

Anamasula chitenje pang'onopang'ono. Anauzunguza mtsukowo m'manja, nayendetsa chala pa zidindo za m'khosi. Anaugogoda ndi chikhadabo, unangoti phi, phi. Anakanda pang'ono kunsi kwake nanunkhiza. Pafupi nawo, pamthunzi wa khonde, panali miphika ndi mitsuko yawo khumi ndi iwiri yodikira moto wa mawa.

"Habiba, sendera kuno. Iwenso Yasmin. Ndinena kamodzi, mumve bwino.

"Ichi mukuchitcha mtsukochi sichinakhale mtsuko. Ndi dothi louma basi. Chimasanduka mtsuko chikatuluka pamoto. Chisanafike pamenepo, mdani wake wamkulu ndi madzi. Osachigwira ndi manja onyowa. Osachifunditsa nsalu yonyowa. Osachisiya poti mame angagwere. Madzi a m'kapu imodzi akhoza kuchibweza kudambo kumene chinachokera.

"Komanso sindikunamizani. Ife tikamaponda dongo timasakaniza ndi mapale osinja, zidutswa za miphika yakale, kuti chinthu chisaphulike pamoto. Asiyatu ankadziwa zimenezi, koma m'nyumba ya mapoto a chitsulo mapale akanawapeza kuti? Muno mulibe. Ndiye mawa ndiuyamba ndi kuuwothetsa patali, pang'onopang'ono, usanalowe pakati pa moto. Ndichita zonse zimene ndikudziwa. Koma pa mitsuko itatu yotere, umodzi umasweka."

Habiba anayang'ana bambo ake. Iwo anali kuyang'ana pansi.

"Amayi aakulu, nanga tikangousiya chonchi?" anafunsa. "Pakabati sunasweke chaka chonse."

"Taona apa, mwanache." Abiti Swaibu anautembenuza. Kunsi kwake kunali kutayamba kuyoyoka ngati chigumu chouma. "Ichi ndi chinyezi cha dzinja limodzi. Dzinja lachiwiri udzayoyoka mpaka m'mimba. Lachitatu mudzasesa. Ukausunga wosawotcha ukutha ndithu, kungoti ukutha mwakachetechete. Ndipo amayi ako sanaumbe chidole cha pakabati. Anaumba chosungira madzi."

"Koma ukasweka mawa?"

"Ukasweka tidzadziwa kuti tinayesa."

Habiba anakulunganso mtsukowo yekha. Dengu analowa nalo m'tenti, naliika kumutu kwa mkeka wake.

3. Ku Nakatope

Loweruka ananyamuka 6 koloko m'mawa, dzuwa lisanakalipe. Kuchokera pamudzi kukafika kuchigwembe, chimene anthu amachitcha Nakatope, ndi makilomita awiri. Abiti Swaibu anawaperekeza mpaka pamlomo pa chigwembecho, nakhala pamwala.

"Ine ndathera pano. Maondowa anakana kutsika zaka zinayi zapitazo. Dongo amandikumbira ndi anzanga. Koma musanatsike mumve izi.

"Pansi pakuoneka pouma, mchenga wokhawokha. Musakhulupirire. Nakatope samadzaza ndi mvula ya pamudzi, amadzaza ndi mvula ya kuphiri. Kuno kukhoza kukhala dzuwa lowotcha, inu muli m'kati mukuseka, kumtunda kwagwa kale. Mukamva kuphiri kukugunda, tulukani. Mukamva kamphepo kozizira kakutsika m'chigwembe, tulukani. Mukaona timasamba touma tikuyenda pamchenga ndi timadzi tofiira, musatole ngakhale nsapato. Mwezi uno ndi wa chizimalupsa, mvula yobwera osaodira. Chaka chimene Asiyatu anayamba sukulu, madzi anatenga mbuzi zisanu ndi zinayi za bambo athu muno, kumwamba kuli mbee."

Anatsika atatu. M'kati munali mozizira. Makoma a dothi lofiira anali ataima mbali zonse ziwiri, ena otalika kuposa mlongoti wa magetsi. Madzi a zaka zambiri anali atawasema kukhala zipilala, zina zonenepa, zina zowonda ngati munthu woima yekha. Pamwamba pa chilichonse panali mwala kapena tchire.

A Latifu anayamba kufotokoza ngati ali m'kalasi.

"Mwala wa pamwambawo ndi chipewa. Mvula imadya dothi la m'mbali, koma lokhala pansi pa mwala limatsala. Mwalawo ukadzagwa, chipilala sichichedwa kutha."

"Ababa, kodi mutipatsanso mayeso?" anafunsa Yasmin.

"Iwe ndiye ulephera, sukumvetsera."

Atayenda mphindi khumi ndi zisanu anapeza malo amene Abiti Swaibu anawalongosolera: kaphanga kakang'ono m'khoma, kofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. M'menemo atsikana akale ankasungamo makasu ndi chakudya chawo pokumba dongo. Pamwamba pake panali zilembo zokanda ndi msomali, zofufutika theka: ASIY.

Yasmin anaziwerenga mokweza. A Latifu anavula magalasi nawapukuta nthawi yaitali.

Habiba analowetsa dzanja m'kaphangako. Munali mouma, fumbi lokhalokha ndi ukonde wa kangaude. Anayeza ndi mkono kuya kwake ndi kutalika kwake.

4. Chimene Habiba anachita

Anabwerera pamudzi 10 koloko. Moto unali woti uyatsidwe 3 koloko, mphepo ikatsika. Podikira, Abiti Swaibu anawatengera kwa a Bashir, mkulu wina woluka malichero ndi madengu, nyumba yachitatu kuchokera kwawo.

A Bashir anali atakhala pachitsa, akung'amba nsungwi ndi mpeni waufupi. Timizere tansungwito ankativiika m'beseni la madzi kuti tisathyoke popinda. Zala zawo zinkayenda zokha maso ali kwa alendo.

"Awa ndiye aphunzitsi ogona m'thumba aja?" anafunsa. "Mbiri yanu yafika kale kumsika. Tabwerani muyese, tione ngati choko chinakusiyirani zala."

A Latifu anayesa. Mzere woyamba unathyoka, wachiwiri unawacheka chala. Yasmin anaseka mpaka kugwa pamkeka, ndipo kanali koyamba kuseka chotero kuyambira tsiku la maliro. Kenako nayenso anapempha timizere take.

Nthawi ya 11:30 Habiba ananena kuti mutu ukumuwawa, akufuna kukagona m'tenti.

"Ndi dzuwali," anatero Abiti Swaibu. "Umwe madzi kaye."

Habiba sanamwe madzi ndipo sanagone. Anatulutsa mtsuko m'dengu, nabwezeramo nsanza, nayalapo bulangete kuti dengulo lioneke lodzaza. Mtsukowo anaubereka kumsana ndi chitenje chobiriwira chija ngati mwana. Anadzera kuseri kwa nyumba, m'munda wa nandolo, kuti asadutse kwa a Bashir.

Panjira anakumana ndi amayi awiri osenza nkhuni.

"Mwana wa Asiyatu uyu," anatero wina. "Ukupita kuti dzuwa lonseli?"

"Ndataya mpango m'mawa uja," anayankha Habiba, napitirira.

Anatsika m'chigwembe yekha. Anafika pakaphanga kaja, nasesamo ndi dzanja, naikamo mtsuko. Unakwanamo bwino. Anaufunditsa chitenje mbali zonse, napsinja m'mphepete ndi miyala inayi kuti mphepo isachiulutse.

Cholinga chake chinali chachidule. Moto wa lero ukadutsa, sipadzakhala wina mpaka iwo atabwerera ku Balaka. Mawa m'mawa adzabwera kudzautenga, ndipo udzabwerera pakabati uli wathunthu.

Asanachoke anayang'ana kumwamba. Pakati pa makoma awiri aja thambo linali loyera, lopanda ndi kamtambo komwe.

Anafika kutenti 1 koloko, nagona chafufumimba.

5. Moto

Pofika 2:30 zonse zinali zokonzeka. Kuseri kwa nyumba kunali dzenje losaya, lotambalala. Abiti Swaibu ndi anzawo awiri anayalamo makungwa ouma, nasanjapo miphika ndi mitsuko khumi ndi iwiri chozondotsa. Pambali anasonkha kamoto kakang'ono kowothetsera mtsuko wa malemu. Pakati pa dzenje anasiya malo amodzi.

"Yasmin, kauze mkulu wako abweretse dengu."

Yasmin anabwera nalo yekha, akulinyamula ndi dzanja limodzi.

"Lapepuka," anatero.

Abiti Swaibu anachotsa bulangete, napeza nsanza zokhazokha. A Latifu anapita kutenti, nabwera ndi Habiba.

"Mtsuko uli kuti?" anafunsa a Latifu.

"Ndaubisa."

"Kuti?"

"Sindinena, ababa. Ndinena moto ukazima."

Anzawo awiri a Abiti Swaibu aja anayang'anizana. A Latifu sanakweze mawu. Sankakweza mawu ngakhale kusukulu.

"Habiba, taubweretsa kuno kuti uwotchedwe. Ukudziwa zimenezo."

"Amayi aakulu anena okha kuti umodzi mwa itatu umasweka. Zovala za amayi munagawa. Mbale zawo azakhali anatenga. Chatsala ndi chimenechi. Mukachiswa ndiye kuti basi."

Abiti Swaibu anapukusa mutu.

"Musiyeni, alamu. Makungwa sangadikire, ndipo miphika iyi ili ndi eni ake. Wa Asiyatu ndidzauwotcha pawokha sabata yamawa, mtima wa mwanayu ukatsika. Bola ngati wauika pouma."

"Ndi pouma," anatero Habiba.

Amayi aja anaunjika nkhuni ndi udzu pamwamba, nayatsa nthawi ya 3:10. Moto unakwera msanga. Onse anabwerera m'mbuyo chifukwa cha kutentha. Patapita mphindi makumi awiri, m'kati mwa motowo china chake chinalira kuti thu.

"Wapita umodzi," anatero mmodzi wa amayi aja.

Habiba anatembenukira bambo ake ngati wonena kuti mwaona. Iwo sanamuyang'ane. Maso awo anali kuphiri.

Kumeneko kunali kutada. Mtambo umodzi waukulu unali utakhala pamwamba pa Chikala, ndipo kunsi kwake kunali mizere yotuwa yotsika mpaka pansi. Kenako kunagunda.

Abiti Swaibu anayang'ana kuphiri, nayang'ana Habiba. Anayang'ana mapazi ake. Pobwera kuchigwembe m'mawa uja, onse anali atasamba m'miyendo, koma mapazi a Habiba anali ofiiranso mpaka m'akakolo. Dothi la pamudzi ndi lotuwa.

"Mwanache," anatero motsitsa mawu, "usandiuze kuti uli ku Nakatope."

Habiba anayamba kuthamanga.

6. Madzi ofiira

A Latifu anamupeza pamlomo pa chigwembe, namugwira mkono. Kumeneko mvula inali kugwa yamphamvu. Pamudzi, makilomita awiri okha kumbuyo, sikunagwe ngakhale dontho.

"Ndisiyeni, ababa. Uli pafupi. Ndithamanga."

"Tamvera."

Pansi pankamveka mkokomo ngati wa sitima ya katundu ikamadutsa pa Balaka. Kenako madzi anatulukira pakona. Anali ofiira, olemera, atasenza nthambi ndi zinyalala za m'nkhalango. Njira imene anayendamo m'mawa inamira m'kanthawi kochepa. Kutsidya, chipilala china chowonda chinagwedera, mwala wa pamutu pake unagwa, ndipo chinatsetserekera m'madzi.

Habiba anayesa kudzimasula kawiri. A Latifu sanamusiye. Anakhala naye pamwala uja panakhala Abiti Swaibu m'mawa, mvula ikuwamenya, dzanja lawo lili pamkono wake.

"Kaphangako n'kokwera," anatero Habiba. "Madzi safikapo."

Bambo ake anangoyang'ana madziwo.

Mvula inakata 4:20. Madzi anaphwa 5 koloko itadutsa. A Latifu anadikiranso mphindi khumi, akuyang'ana kuphiri, kenako anatsika patsogolo, Habiba pambuyo. Matope ankafika m'mawondo.

Habiba ananena zoona: madzi osefukira sanafike pakaphangapo. Mzere wa zinyalala unathera chikhatho chimodzi m'munsi mwake. Koma mvula inali itatsika ndi khoma kuchokera pamwamba, ikudzera mumng'alu umene sunkaoneka nthawi youma. Inathira m'kaphangamo ola lathunthu. Chitenje chinamwa madzi n'kuwasunga.

Miyala inayi ija inali pomwepo. Koma chitenjecho sichinalinso chotukuka. Chinali chitaphwa ngati thumba lopanda kanthu.

Habiba anachivundukula. Pansi pake panali mulu wa dongo lofewa. Lina linali litayenderera ndi khoma mpaka pansi. Pamwamba pa muluwo panatsala kachidutswa ka khosi, kotalika ngati chala, kali ndi zidindo ziwiri.

"Ababa, zala zawo izi. Zilipo."

"Usakhudze," anatero a Latifu.

Anali atachedwa. Habiba anali atakanyamula kale. Kachidutswako kanafinyika pakati pa zala zake, ndipo pamene panali chidindo cha mayi ake panatsala cha iye.

Anaima pomwepo akuyang'ana dzanja lake. Kulira kwake kunayamba mochedwa, ndipo kunalibe mawu.

A Latifu anasonkhanitsa dongo lotsalalo ndi manja awo, nalimanga m'chitenje, nampatsa kuti anyamule.

7. Khasu la pakhomo la tenti

Anafika pamudzi dzuwa litalowa kale. Moto unali utazilala. Abiti Swaibu ankatulutsa miphika m'phulusa ndi mtengo wautali, anzawo akuiwaza madzi a makungwa owiritsa kuti ichite mawanga akuda. Uliwonse ankaugogoda, unkalira kuti nge. Pa khumi ndi iwiri ija, khumi ndi umodzi inatuluka yathunthu. Pakati pa dzenje panali bwalo la phulusa lopanda kanthu.

Yasmin anathamangira mkulu wake, naona chitenje chikudontha.

"Mtsuko wa amayi uli kuti?"

Anayang'ana nkhope zawo, nakabisala kumbuyo kwa Abiti Swaibu. M'manja anali ndi kalichero kokhota kamene analuka kwa a Bashir.

Habiba anagwada patsogolo pa bambo ake.

"Ababa, ndalakwa."

A Latifu anakhala padengu lopanda kanthu lija, zovala zili zonyowa.

"Pali chimene sindinakuuze," anatero. "Unkaganiza kuti mtsukowo ndi wako chifukwa unaponda dongo. Sindinafune kukutsutsa. Koma amayi ako anaumbira ine. Madzi a mufiriji amandipweteka mano, ndipo a pampopi mu Okutobala amakhala ngati a tiyi. Zaka khumi ndi zisanu ankandilonjeza mtsuko. Tsiku limene anamaliza anandiuza kuti, bambo a Habiba, ine ndikapita muzikamwa madzi ozizira bwino. Ndinkafuna kumwamo kamodzi kokha. Ukanasweka pamoto ndikanapirira."

Anaimirira napita kuseri kukatawaza kumaso ndi m'manja, chifukwa nthawi ya swala ya Magharibi, ya dzuwa litalowa, inali itakwana.

Abiti Swaibu anamasula chitenje, nafinya dongolo, naliyeza m'manja.

"Dzuka, Habiba. Sindikukalipira, Nakatope wakukalipira kale. Koma umve.

"Unaopa moto umene unauona, n'kuiwala madzi amene ndinakuuza. Ndinakuuza zoona zonse dzulo chifukwa ndinakuyesa wamkulu. Ukanabwera kwa ine n'kunena kuti amayi aakulu, mtima wanga sukulola, tikanakhala pansi. Ndikanakudikira sabata, ngakhale mwezi. Koma unanama kuti mutu, amayi a nkhuni andiuza kuti unawanamiza za mpango, n'kupita wekha. Chinthu cha anthu atatu unachigamula wekha. Ukanachedwa maola atatu m'chigwembe muja, bwenzi lero tikufunafuna iwe, osati mtsuko.

"Tsopano dongo ili. Silinafe. Dongo losawotcha limaumbikanso, ndipo ili ndi lomwe lija anagwira amayi ako. Zala zawo sizibwerera, usadzinamize. Ukadzaumbika udzakhala wa manja ako, ndipo woyamba umatuluka wokhota. Koma madzi umasunga."

Habiba anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ungathe kufika pa sadaka?"

Abiti Swaibu anawerenga ndi zala.

"Kuuma ndi masabata awiri pamthunzi. Kenako moto. Ukaumbidwa mawa, ukwana. Ukapitirira mawa, iyayi. Mapale ndili nawo, ndisinja ndekha. Koma dongo latsalali ndi theka. Pakufunika lina lodzaza dengu ili, ndipo pamudzi pano latha ndi miphika ya leroyi. Lofanana nalo lili malo amodzi, kupitirira kaphanga kaja, pamene makoma amapanikizana."

"Iyayi."

Anali a Latifu. Anali ataima pakona pa nyumba, madzi akudontha m'zigongono.

"Alamu, mwana wanga salowanso m'chigwembe muja. Ngakhale ine sindilowamo. Makoma amwa madzi, ndaona chipilala chikugwa ndi maso anga. Ndaika kale mmodzi m'manda. Anjinga abwera mawa 1 koloko, tikupita kwathu."

"Anzangawa mawa ali ku ukwati ku Ntaja," anatero Abiti Swaibu. "Ine maondo mukuwadziwa."

"Ndiye zatha."

A Latifu anayala mkeka kuloza kumpoto, nayamba kuswali.

Abiti Swaibu sanatsutse. Anakulunga dongo lija m'masamba a nthochi kuti lisaume, naliika pakhonde. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi kakhasu kakang'ono kokumbira dongo, mpini wake wakuda ndi wosalala chifukwa cha zaka.

"Aka kanali ka Asiyatu," anauza Habiba. "Sindikukutuma, ndipo usayerekeze kupitanso mozemba. Bambo ako ali ndi pakamwa ndi makutu, iwenso uli nazo. Uli ndi mpaka mawa m'mawa."

Anakatsamiritsa pakhomo la tenti, pamene a Latifu sakanatha kulowa osakalumpha.

Habiba anakhala pansi pafupi ndi khasulo, manja ali ofiira ndi dongo, kudikira kuti bambo ake amalize kuswali. Kuphiri kunagundanso.